Chitenje Cholemera cha Amayi Mailesi

"Yakananso," anatero Tinenenji, kalaliki wa kopaletivi ya alimi pa boma la Chadiza, akugwedeza tabuleti ngati kuti chithunzi chingatsike chokha.

Amayi Mailesi anapumira m'mwamba. Aka kanali kachitatu kuyenda wapansi kuchokera ku Zemba, ndipo kalembera wa olandira mbewu ankatsekedwa tsiku lomwelo. Wopanda chithunzi m'kaundula wa pakompyuta, mbewu akanangoimvera kwa anzake.

Terrance, amene analemba pulogalamu ya patabuletiyo, anafika thukuta lili kamukamu. Atayang'ana zithunzi za okanidwa, anagwira pakamwa: pafupifupi onse anali amayi ovala zitenje zamaluwa.

"Amayi, chitenje chanu n'cholemera."

"Cholemera? Ndachivala kuchokera ku Zemba, msana uli gwa."

Terrance anafotokoza mwamanyazi. Maluwa akachuluka, chithunzi chimakula. Pulogalamu yake inkachiponya chathunthu m'kaundula, ndipo kaundulayo ankakana chilichonse chopyola muyezo. Poyesa, mkuluyu ankangodzijambula yekha atavala shati yoyera.

"Vulani mubwereke changa chakudachi," anatero Tinenenji.

"Iyayi mwanawe. Ichi anandigulira malemu bambo a kwathu. Pakhadi langa lolandirira mbewu ndioneke ndi cha eni?" Kenaka anatembenukira kwa Terrance. "Inu aphunzitsi a makina, mtedza ukakana kulowa m'nkhokwe ndi thumba lomwe, mumautaya? Si mumatapa ndi lichero?"

Terrance anakoka mpando n'kutsegula laputopu. Anasintha pulogalamu kuti izidula chithunzi m'zidutswa zing'onozing'ono, izitumiza chimodzichimodzi, zikalumikizane zikafika. Ulendo woyamba chithunzi chinafika chopanda mutu, Tinenenji n'kuseka mpaka misozi. Anali atasokoneza manambala a zidutswa.

Dzuwa litapendeka, tabuleti inalira kamodzi, dzina la Amayi Mailesi n'kubiriwira, kusonyeza kuti chithunzi chalowa. Pambuyo pake panatsatira mayina ena khumi ndi anayi a amayi amene anali atabwerera kwawo atataya mtima.

Amayi Mailesi anawomba m'manja mwaulemu, mtima uli mbee. "Zikomo bambo. Mwandipeputsa miyendo."

"Wothokoza ndine, amayi. Lichero lija ndi lanu."

Tinenenji anawapatsira tabuleti. Amayiwo anayang'anitsitsa chithunzicho nthawi yaitali, chala chikuyenda pang'onopang'ono pa chitenje.

"Maluwa onse afika?"

"Onse, amayi," anayankha Terrance. "Silinatsale ndi limodzi lomwe."