Mphasa ya Fanuel

Fanuel anadzuka pabedi lalikulu m'chipinda cha loji ina ku Likhubula, mtima uli zii. Chilichonse chinalipo: madzi otentha otuluka m'khoma, matawulo oyera mbee, ngakhale kasopo kokulunga m'pepala. Koma palibe anagogoda kudzamufunsa kuti wadzuka bwanji. Sharon, mtsikana wolandira alendo, anamumwetulira ndithu, koma kumwetulira komweko anapatsanso mzungu wobwera pambuyo pake, osachotsera, osawonjezera.

Kale Fanuel analibe galimoto, analibenso mimba. Anali mnyamata wa geni ya chimanga, wopalasa njinga kuchoka ku Nkando kukapikula ku Limbuli. Tsiku lina tcheni inaduka pakati pa minda ya tiyi, mvula ya ku Mulanje ija ikukhuthuka mosaona nkhope. Anakaodira panyumba yoyamba ya m'malaini a esiteti. Anatsegula a Bonface, bambo wothyola tiyi, ndipo sanamufunse dzina kapena kwawo. Anangoti, "Lowetsani njingayo, ichita dzimbiri."

Akazi awo, mayi Anesi, anamufunditsira madzi osamba, nkumuyalira mphasa pabalaza. Kuyambira pamenepo ulendo uliwonse ankagona pomwepo, mpaka ana a m'nyumbamo anazolowera kumaitchula kuti mphasa ya Fanuel. Amati mlendo ndi mame, koma mame awa anakhalitsa. Ndi pomwepo pamene anaphunzira kudya kalongonda, nyemba zaukali zija zimene Alomwe amaziphika tsiku lathunthu, kutaya madzi nkuthira ena, kuti zisaledzeretse munthu. Masiku amenewo ankawasowa kwambiri.

Geni itakula anasamukira ku Blantyre, ndipo zaka zinapita. Sabata imeneyo anali atawaimbira foni kuti akubwera Lachinayi. Anabweradi, koma anakhotera ku loji, ati kuopa kuvutitsa okalamba. Anthu a m'tauni bodza limeneli amalikonda: msana ukazolowera matiresi, amati ndi ulemu.

Lachisanu m'mawa ananyamula shuga ndi mafuta ophikira, ulendo wa kumalaini. Anapeza katundu ali mbwee pakhonde, mipando yomangidwa ndi linya, mbale zili m'matumba, nkhuku zili m'dengu.

"Tapuma pantchito, mwanawe," anatero a Bonface, imvi zili mbuu. "Nyumba ndi ya kampani, alowamo ena. Lole ibwera mawa kudzatitenga, tikupita kumudzi, kumalire uko."

Fanuel anatula shuga ndi mafuta aja pakhonde. Mayi Anesi anatuluka akupukuta manja pachitenje, namulonjera bwinobwino, kenako nkufunsa kuti wanyamuka nthawi yanji ku Blantyre kuti afike m'mawa chonchi.

"Ndinafika dzulo, mayi."

"Dzulo? Nanga munagona kuti?"

"Ku loji, ku Likhubula."

"Kodi!" Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kunsapato. "Aliko abale anu kumeneko?"

A Bonface anayesa kuseka kuti nkhani ipepuke. "Asiye, Anesi, awa akula. Pansi pathu pano mpouma."

"Ine ndangofunsa," anayankha mayiwo, nabwerera kukhitchini.

Anabwera ndi mbale ya kalongonda. Anali atamutereka Lachitatu, nkhuni zotsala zonse nkuthera pamenepo, ndipo Lachinayi madzi osamba anafunditsidwa kawiri mpaka kuzizira mlendo osaoneka. Zimenezi sananene mayiwo, ananena ndi a Bonface, monong'ona. Fanuel anadya atazyolika. Kalongondayo ankakoma monga kale, koma manyazi anamugwira. Munthu wongodutsa samuphikira kalongonda. Anthu awa ankadikira mwana wawo, koma kunabwera bwana wonyamula shuga.

Atasamba m'manja analowa m'nyumba kuti aione komaliza. Inali yaing'ono kuposa mmene ankaikumbukira. Pakhoma panangotsala misomali, ndipo mawu ake ankamveka ngati ali m'tchalitchi chopanda anthu. Pakona ya balaza, pomwe ankaimika njinga yake, panatsamira chinthu chimodzi chokha chosamanga: mphasa yakale, yothothoka m'mbali, yosokedwa ndi ulusi wa thumba.

"Nanga iyi mwaiiwala, mayi?"

Mayi Anesi anaima pakhomo. "Kuiwala? Ndimange bwanji mwini wake asanagonepo?"

Fanuel anayang'ananso mphasa ija. Anatuluka, nalowa m'galimoto osatsanzika, a Bonface akumuyang'ana modabwa. Ku Likhubula analongedza chikwama chake msangamsanga nkukapereka kiyi. Sharon anadzidzimuka, poti munthuyo anali atanena kuti agona masiku awiri.

"Pepani bwana, chipinda chili ndi vuto?"

"Ayi, chilibe vuto lililonse," anatero Fanuel, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Kungoti kwathu andiyalira kale."