Timipira ta Bwana Chipewa

"Nanga mazira amenewa ndi a mbalame yanji?" anafunsa Zelesi, mwamuna wake Paison atakhuthulira kathumba m'lichero.

"Si mazira, make Rute. Ndi timipira ta gofu, masewera a azungu."

Tinalipo khumi ndi tiwiri. Tina tinali tachikasu ngati mano a munthu wosuta, tina tokalikakalika, tina tothimbirira ndi dothi lofiira, ndipo tonse tinali ndi timaenje thupi lonse. Mwini wake anali mzungu wa pa boma la Ntcheu amene anthu ankangomutcha Bwana Chipewa. Iyeyu anali atangomulemba Paison ntchito yonyamula ndodo za gofu, ndipo anamuuza kuti atitsuke, asankhepo titatu tabwino, poti Loweruka kukubwera mzungu wa ku Dedza kudzapikisana naye.

Tsono Paison ntchitoyi anaipeza ndi bodza. Anati ku Joni ananyamula ndodo zotere zaka zitatu. Zoona zake, zaka zitatuzo anazithera pansi pa nthaka mumgodi, ndipo gofu anangomuonapo kamodzi ali pa lole. Anabwerako ndi chifuwa chosatha. Ntchitoyi ikamupulumuka, kunalibe kwina kolowera koma kumgodi komweko, ndipo ankakuopa zedi.

"Bwanji osakafunsa a Jasper?" anatero Zelesi. Jasper anali khukhi wa bwanayo, munthu wokalambira m'makhitchini a azungu.

"Ine wa ku Joni, kukafunsa munthu wa mapoto?"

"Chabwino, bambo a Rute. Safunsa anadya phula."

Anayamba ndi nzeru ya mazira. Zelesi anatunga madzi m'beseni kuti kowola kayandame. Tonse tinamira.

"Ndiye kuti tonse n'tabwino," anatero Paison.

"Nanga bwana akufuniranji titatu tokha?"

Apa panavuta. Paison anatola kachikasu, nakanunkhiza, nakagwedeza pakhutu. Zii.

"Mwina tachikasuti ndiye tokhwima."

"Kapena ndiye todwala. Inu, kachewere pa Lizulu timasankha wosalala. Taonani zipserazi, ngati munthu wochira nthomba. Kodi ku Joni kuja tinali totere?"

Paison anatsokomola kwa nthawi yaitali ndithu. Kenaka anati, "Tinali tosalala."

Basi, Zelesi sanafunenso zina. Anasankha titatu, natenga mchenga ndi phulusa, n'kuyamba kutikwecha monga amachitira ndi mapoto ake, amene ankanyezimira kuposa a aliyense m'mudzimo. Koma zodabwitsa! M'malo moyera, timipirato tinkanka tida. Kuyera kuja kunkatsalira m'madzi.

"Mayo! Kodi mwatisenda?"

"Ine ndangotsuka. Nanga chinthu chimada bwanji ukachitsuka?"

Anayang'anana, mitu itaima. Komabe Zelesi sanali munthu wosiyira ntchito panjira. Anatipera pamwala mpaka timaenje tonse titafafanizika, kenaka anakapempha njereza yotsala popaka tchalitchi, natinyika, natiyanika padenga la nkhokwe. Pofika Lachisanu tinali mbee! Paison anasangalala mpaka anaimba nyimbo ya kumgodi.

Loweruka masana azungu awiri aja anaima pabwalo la udzu wometedwa kuseri kwa nyumba. Paison anaunjika kamulu ka mchenga monga anaonera bwana wake akuchita, naikapo kampira. Bwana Chipewa, ali mkati mocheza, anangoponya diso kamodzi, nakweza ndodo.

Phwa! Fumbi loyera linangoti kobo, mpaka pansapato zake. Kampira kaja kanadumpha pang'ono, kanakhota, n'kugwera m'tchire pafupi pomwepo ngati nkhuku yothyoka phiko. Mzungu wa ku Dedza anaseka mpaka kukhala pansi.

Bwana Chipewa sanaseke. Analanda tiwiri totsala, natifikisa ndi chala, njereza n'kuyoyoka. Anaitana Jasper kuti adzamasulire, poti Chinyanja chake chinkathawa akakwiya.

"Akufunsa kuti timaenje tapita kuti," anatero Jasper.

"Tinali zipsera, bambo. Tachotsa."

Jasper anagwira pakamwa. "Achimwene, timaenjeto ndi timene timaulutsa mpira! Kuyeraku ndi utoto chabe. Dzuwa limausandutsa wachikasu, dothi limauthimbiriritsa, chitsulo cha ndodo chimaukala. Wachikasu alibe mlandu. Woipa ndi wong'ambika khungu kapena wophwanyika mbali, basi. Mukanangopukuta ndi kansalu ndi sopo."

"Ndiye woyera si wabwino?"

"Wanuwu ndi chikomekome cha mkuyu."

"Nanga wachikasu, wa nthomba, ndiye wabwino?"

"Eya."

Paison sanamvetsebe, koma mawu otsatira anawamva popanda womasulira. Bwanayo anamuvula chikwama cha ndodo paphewa, nachipereka kwa Jasper, nati timipira tisanu ndi tinayi totsala tibwere Lolemba, ndipo akatibweza asadzaonekenso. Paison anachoka pabwalopo mwamanyazi.

Anafika kumudzi dzuwa litapendeka. Zelesi anamuchingamira akumwetulira, lichero lili m'manja.

"Taonani, bambo a Rute! Ndati bwana akafuna tina, tisadzavutike."

Tonse tisanu ndi tinayi tinali ndondondo m'licheromo, tosalala, toyera mbee. Zala za Zelesi zinali zotupa, nsonga zake zitanyuka ndi mwala, china atachimanga kansanza.

"Nanga zayenda bwanji? Kanauluka?"

Paison anayang'ana zalazo. Analandira lichero, naliika pansi mosamala, nakhala pakhonde.

"Mwagwira ntchito, make Rute," anatero motsitsa mawu. "Kodi chitupa changa cha ku Joni chija munachisunga pati?"