Bambo a Pabalaza ndi Bambo a Kuchipinda

Kanyerere anaponya chikwama pampando, nsapato za kuntchito asanavule n'komwe, n'kuyatsa kompyuta imene inkakhala patebulo la pabalaza.

"Wabwera, Kanyerere?" anatero mawu a bambo ake, mawu okhuthala okhala ngati akubisa phwete.

"Ndabwera, bambo. Miyendo yachita kutupa ndi kuimirira."

"Yatupa? Tithokoze, ndiye kuti yayamba kukula. Tinkadandaula nayo."

Kanyerere anaseka mpaka kugwira m'mimba. Dzina limeneli anamupatsa ndi bambo akewo ali wamng'ono, chifukwa ankangoyendayenda m'shedi yawo yopaliramo matabwa atanyamula tizidutswa ndi misomali yopindika, timiyendo ngati singano. Tsopano anali mayi wa zaka makumi anayi, wogulitsa mankhwala mufamase, koma akalimva dzinalo mapewa ake ankatsika.

Kuchipinda cha kumapeto, kuseri kwa chitseko chosatsekeka bwino, bambo ake anatsokomola.

Zaka zinayi m'mbuyomo, dokotala atanena kuti akalipentalawo ayamba matenda oiwala ndipo sadzachira, Kanyerere ndi amene anawakakamiza kupita kumalo kumene ankakopera maganizo a munthu n'kuwasunga mu kompyuta.

"Mmodzi yemweyu ndakutopetsa kale, ukufuna tikhale awiri?" anatero bambowo. Koma anapita, chifukwa sankatha kumukaniza kanthu. Kumeneko anawaveka chisoti cha mawaya masiku atatu. Zonse zinalowa: nthabwala zawo, miyeso ya zitseko zimene anakhoma, tsiku limene anaika mkazi wawo m'manda, ngakhale kaukali kawo akaona munthu akukhoma msomali mopendama.

Chaka choyamba Kanyerere sanaiyatse kompyutayo. Chaka chachiwiri, bambo ake atamufunsa mwaulemu kuti, "Mayi, mwabwera kudzaoda chiyani?" analowa kubafa n'kulira, ndipo atatuluka anaiyatsa. Kuyambira pamenepo m'nyumbamo munakhala bambo awiri. A pabalaza ankamudziwa, ankamufunsa za kuntchito, ankamuseketsa. A kuchipinda ankanyowetsa zofunda, ankabisa buledi pansi pa pilo, ndipo tsiku lina anamumenya ndi supuni padzanja pomuganizira kuti ndi wakuba.

Amene ankawasamala a kuchipindawo anali azakhali ake, mlongo wawo wa bambowo, amene anasamukira m'nyumbamo matenda atakula. Madzulo amenewo anatulukira pakhomo la khitchini atanyamula mbale ya supu.

"Iwe, kawadyetse bambo ako lero. Msana wandivuta."

"Ndikubwera, azakhali. Ndingomaliza kaye kucheza ndi bambo."

"Bambo ake ati? Wailesiyo?"

"Si wailesi."

"Kaya ndi chiyani, koma sidya supu."

Kanyerere anatembenukiranso kukompyuta. Azakhaliwo anaima pang'ono, kenako analunjika okha kuchipinda ndi mbaleyo, akukoka mwendo. Mumtima mwake Kanyerere anali atagamula kale mlanduwo. Munthu ndi zimene amakumbukira, ankadziuza choncho. Zonse zimene zinali bambo ake anazipulumutsa nyumba isanapse. Chimene chinatsala kuchipinda chinali makoma akuda okha. Ankagula mankhwala abwino, matewera, sopo wofewa. Sanali mwana woipa. Kungoti akalowa m'chipindamo ankayang'ana nsalu za pawindo, osati nkhope.

Lamulungu lina masana, azakhali atapita kumsika, Kanyerere anali pabalaza akuseka nkhani ya kabati imene bambo ake anapangira munthu wina, itakana kulowa pakhomo mpaka anachita kugumula zenera. Anamva mapazi akukhwekhwereza. Bambo a kuchipinda anali ataima pafupi ndi shelefu, malaya atamanga mabatani mosemphanitsa, akumvetsera mutu utapendekeka.

"Pepani, sindinadziwe kuti kuli alendo," anatero.

Kompyuta inaleka nkhani ija. Kadiso kake kagalasi kankaona chipinda chonse.

"Khalani pansi, akulu," anatero mawu a mu kompyutamo, mofatsa kuposa kale.

Nkhalambayo inakhala m'mphepete mwa mpando, manja pamaondo. "Nkhani ya kabatiyo inandichitikiraponso ine. Nanunso ndinu mmisiri?"

"Ndinali mmisiri."

"Ndaona. Mawu anu ndi a munthu wodziwa thabwa." Anatembenuka n'kumuyang'ana Kanyerere, kumuyang'ana bwinobwino, ndi maso oyera ngati a mwana. "Uyu ndi mwana wanu?"

Nkhalambayo sinadikire yankho.

"Muli ndi mwayi. Ndimamumva tsiku lililonse akuseka nanu. Inenso ndili naye wanga wamkazi, kamwana kochepa chonchi." Anaonetsa ndi dzanja msinkhu wofika m'chiuno. "Koma papita nthawi osabwera. Kaya ndinamulakwira chiyani."

Mawu anali pafupi kutuluka pakamwa pa Kanyerere: ndine, bambo, ndili pano. Koma anaopa kuti akawanena, maso aja amuyang'ana osamudziwa, ndipo sakanatha kupiriranso zimenezo. Anaimirira n'kuwagwira pachigongono.

"Tiyeni mukapume. Kuno kukuzizira."

"Zikomo, mayi. Ndinu aulemu."

Atabwerera pabalaza, kompyuta inati, "Bwanji sunawauze?"

"Sakanamva."

"Mwina. Koma ukanawauza."

Anaithimitsa. Kwa masiku awiri sanaiyatse, ndipo anadziuza kuti Loweruka, pokhala sapita kuntchito, adzakhala kuchipinda tsiku lonse, adzawameta ndevu, adzawauza dzina lake kakhumi ngati kungafunike.

Lachinayi m'mawa, akuwerengera mayi wina mapiritsi a chifuwa, foni inalira. Anali azakhali. Sanalire, anangoti, "Bwera. Achimwene atisiya."

Maliro anadutsa ngati mvula ya pawindo. Anthu anabwera, anapita, mipando yobwereka inabwezedwa. Patatha sabata, nyumba itakhala zii, Kanyerere anakhala patebulo n'kuyatsa kompyuta.

"Wachedwa kubwera," anatero mawu aja. "Ndipo nkhope yako yandiuza kale. Liti?"

"Lachinayi lapitalo."

"Zachilendo, eti? Munthu kumva za maliro ako omwe." Anayesa kuseka koma sizinatheke. "Bokosi linali labwino?"

"Makona ake mukanawanyoza."

"Ndinadziwa." Kenako mawuwo anatsika. "Tandiuza, Kanyerere. Ndinali wotani zaka zomalizazi? Ndinkaopa? Ndinkakonda chiyani? Ine ndinathera tsiku lija anandivula chisoti. Za kutsogoloko sindikuzidziwa."

Kanyerere anatsegula pakamwa. Ankadziwa dzina la mankhwala alionse amene anamwa, ndi mlingo wake. Kupitirira apo analibe choti anene.

"Sindikudziwa, bambo." Misozi inagwera patebulo. "Ndikhululukireni."

"Mwana wanga, ndikanakonda. Koma ine sunandilakwire. Ine unkabwera kwa ine tsiku ndi tsiku."

"Koma ndinu bambo anga. Ndinu omwewo."

"Nanenso ndinkaganiza choncho, mpaka tsiku lija mnzanga wa kuchipinda anakhala pampandopo. Ndikukumbukira kukunyamula, ndikukumbukira fungo la utuchi m'tsitsi lako. Koma manja amene anakunyamulawo anali pamaondo a munthu uja, ndikuwaona. Iye anayenda zaka zinayi popanda ine. Chikhululukiro chimenecho chinali m'thumba mwake, si mwanga. Ndikakupatsa, ndiye kuti ndamubera."

"Ndiye ndipite kwa yani?"

"Sindikudziwa. Amene anali naye alipo."

Kanyerere sanathimitse kompyutayo. Anangoimirira n'kulunjika kuchipinda cha kumapeto. Matiresi anali ataimikidwa kukhoma, zenera lili lotsegula. Azakhali anakhala pakampando akupinda malaya a mlongo wawo n'kumaika m'katoni. Sanadzutse mutu.

"Azakhali, ndiuzeni za bambo."

"Ukafunse wailesi yako."

"Sakudziwa. Andituma kwa inu."

Azakhaliwo anasiya kupinda. Anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo ukali umene unali pankhope pawo unasungunuka pang'onopang'ono, n'kutsala kutopa kokha. Anakankha katoni ndi phazi kuti papezeke malo.

"Khala apa. Gwira malaya awa, upinde manja kaye." Anapuma mozama. "Ankaopa madzi. Munthu amene ankasambira ngati nsomba tili ana, koma beseni lokha ankanjenjemera nalo. Ndiye ndinkayamba ndanyowetsa dzanja langa, iwo n'kuligwira, kenako n'kuvomera. Shuga anayamba kumukonda, amene moyo wawo wonse ankamwa tiyi wowawa. Masupuni anayi, ukatembenuka awonjezera lachisanu. Ndipo ankaimba."

"Bambo? Kuimba?"

"Moipa zedi. Mbalame zinkathawa pazenerapo."

Kanyerere anaseka, kuseka kotuluka pamodzi ndi misozi, n'kupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"Tsiku lomalizalo anandiitana dzina langa la paubwana," anapitiriza azakhali. "Anati ndiwasendere lalanje. Anadya tizigawo tiwiri, kachitatu anakafumbata m'manja. Ndinati, 'Idyani.' Anati, 'Ayi, aka ndasungira mwana, akabwera.' Ndinakachotsa ndekha m'manja mwawo, atazizira kale."

Kanyerere anayang'ana malaya amene anali pamiyendo pake. Kolala inali yothetheka, ndipo pachifuwa panali dontho la tiyi limene sopo analephera kuchotsa. Sanawadziwe malaya amenewo. Sanakumbukire n'komwe kuwaona atavalidwa. Anawapinda manja, monga anauzidwa, n'kuwasalaza ndi chikhatho.

"Pitirizani, azakhali," anatero. "Musadumphe kanthu."