Kabichi wa mu Furiji ya ku Banki

Tina anadziwa kuti china chake chalakwika pamene bambo amene ankawathandiza pa kauntala anasiya kumuyang'ana n'kuyamba kuwerenga chikwangwani cha pakhoma. Tina anaweramitsa mutu. Mkaka unali utadutsa bulauzi ya yunifolomu mbali zonse ziwiri. Linali tsiku lake loyamba kubwerera ku banki chibadwire mwana wake Mwawi.

Olipa, mkhalakale wa pa nthambiyo, anatseka windo lake n'kumukokera kukhitchini ya antchito. Anatsegula furiji. Pakati pa mabotolo a madzi panali kabichi wamkulu, wothyoledwa mbali imodzi.

"Tenga masamba, uike pa mabere. Masiku ochepa mkaka uuma."

"Uuma? Achemwali, mwana wanga sanayambe ndi phala lomwe!"

"Nanga wanga anali atayamba? Ine, Emmie, Magret, tonse tinadutsa pomwepa. Amagula ndi amesenjala, limodzi ndi shuga wa tiyi."

Tina anagwirira mpando. Kabichi ankamuona mu furijimo kuyambira kale, koma ankangoti pali wina woiwalaiwala ndiwo zake.

"Si paja timaloledwa kupita kukayamwitsa?"

"Pita, mwana wa mayi. Pokafika kwanu ku Biwi ndi kubwerako, mzere ukhala utafika kumsewu. Ndiye a Gwanda akuitanira mu ofesi, akufunse mwaulemu ngati ntchitoyi ukuikondabe."

A Gwanda, manijala wa nthambiyo, anasuzumira pakhomo akumwetulira.

"Amake Mwawi, takulandiraninso! Mwamva? Takhalanso nambala wani chigawo chonse chapakati. A kulikulu akuti kuno kokha ndiye antchito ndi okondwa: sajomba, satuluka ngakhale masana. Tiyeni, anthu akudikira."

Foni inanjenjemera m'thumba mwa Tina. Anadziwa kuti ndi apongozi ake, ndipo anadziwanso mawu awo: mwana akukana botolo, akungolira. Koma bambo a Mwawi ntchito inali itawathera, ndipo pakhomo ponse pankadalira windo lakelo.

Anathyola masamba n'kuwaika pa mabere. Kuzizira kwake kunamufika mpaka m'mano. Anabwerera pa kauntala, bulauzi ataiphimba ndi jekete, n'kumwetulira mpaka chitseko cha banki chinatsekedwa.

Dzuwa likulowa anatsika minibasi ku Biwi n'kuthamanga, nsapato zili m'manja. Analanda mwana kumsana kwa apongozi, anakhala pansi pakhonde, anachotsa masamba ofota aja n'kuwataya pambali. Mwawi, maso atatupa ndi kulira, anayasamula kakamwa kufunafuna bere. Ananunkhiza. Kenako anakwinya nkhope n'kutembenukira kukhoma.

"Mwawi, ndine. Ndine amako, iwe."

Apongozi anatola tsamba limodzi, analitembenuza uku ndi uku, n'kumuyang'ana mpongozi wawo.

"Kodi ku banki kwanuko mumaphikakonso?"

Tina anamutembenuza mwanayo n'kumuyesa bere linalo.