Makina Osanjenjemera

"Anu ndi awa, madala," anatero Mubarak, mwini sitolo, akupukuta makina ang'onoang'ono owala ngati wailesi yatsopano. "Mumangowauza pa kompyuta, iwo n'kumasema okha. Inu phee pampando."

Bambo Aaron anangoyang'ana makinawo. Manja anali m'matumba. Moyo wawo wonse anasema zitsulo pa fakitale ina ku Makata, ndipo atapuma ntchito ankapanga tizitsulo ta maloko ndi ta makina osokera kuseri kwa nyumba yawo ku Bangwe. Sikuti ankagulitsa ayi, kunali kusangalatsa mtima chabe. Koma chaka chimenecho manja anayamba kunjenjemera, tupa n'kumawapulumuka. Akanapanda kupeza makina ogwira m'malo mwa manjawo, basi, zitsulo akanazisiya. Zimenezi anawabisira akazi awo, Mayi Jesinta, amene anawaperekeza ku Limbe tsikulo.

"Tengani omwewo," anatero Mayi Jesinta. "Akwana patebulo. Chigalimoto icho tikachiika pati?"

Ankanena makina ena akale omwe anali pakona, olemera, penti itasupuka.

"Kodi atsopanowa chitsulo amadya?" anafunsa Bambo Aaron.

"Matabwa, pulasitiki, aluminiyamu, zonse!" anayankha Mubarak, kenako anakanda m'mutu. "Chitsulonso, mukamawanyengerera."

"Bweretsa tiyi wakoyo," anatero Bambo Aaron.

Ku fakitale makina ankawayesa choncho. Mubarak anamangirira kachitsulo pa makina atsopanowo, anaika kapu yodzadza pambali pake, n'kudina batani. Abale inu, kulira kwake! Makinawo anachita kuvina, tiyi n'kukhavukira pansi, kachitsulo kanatuluka ndi mizeremizere. Atayesa olemera aja, anangong'ung'udza pang'onopang'ono. Tiyi sanagwedezeke n'komwe.

"Chikomekome cha nkhuyu," anatero Bambo Aaron, "m'kati muli nyerere."

"Nyerere kapena ayi, ganizani bwino," Mayi Jesinta anakweza mawu. "Kwathu galimoto sifika. Chimenechi achikweze ndani mtunda uja? Ndiye pansi pafunika simenti, shedi yanu ndi yadothi. Zonsezi chifukwa cha zoseweretsa? Tengani opepukawo, muziwanyengerera monga wanenera mwanayu. Luso muli nalo."

Mawu omalizawo ndi amene anawalasa. Bambo Aaron anatulutsa manja, n'kuwatambasula pamaso pa onse. Zala zinkagwedezeka zokha.

"Luso lake ndi ili? Taonani! Wonjenjemera ndilipo kale ine. Ndigulenso mnzanga wonjenjemera, tikathandizane chiyani?"

Mubarak anawerama, n'kuyamba kupukuta tiyi pansi, ngakhale panali patauma kale. Bambo Aaron anagwidwa ndi manyazi, mwamuna wamkulu kudziulula pamaso pa mwana.

Mayi Jesinta anawayang'ana amuna awo nthawi yaitali, mkwiyo wonse utatha.

"Bambo a Chifundo, mumayesa sindinaone? Nanga tiyi wanu ndimathira theka la kapu chifukwa chiyani? Ndinkadikira kuti munene nokha."

"Ndinkaopa kuti mundiuza ndisiye."

"Musiye, muzikhala m'nyumba n'kumandiwerengera nyemba mumphika? Ndakana ine."

Anamanga bwino chitenje chawo, n'kutembenukira kwa Mubarak.

"Iwe, tifunire anyamata amphamvu ndi mitengo yonyamulira. Khitchini yanga yapanja ili ndi simenti, akachiike mmenemo. Ine ndiziphikira pakhonde."