Dzira Lakuda la Bambo Vyas

Bambo ake a Jethmal Vyas ankajambula chinthu chimodzi chokha moyo wawo wonse: chozungulira chakuda bii, chonga dzira loimirira, pakati pa pepala lakale. Utoto ankapanga okha ndi mwaye wa nyale ndi utomoni. Akamaliza ankachikhoma m'chipinda chopemphereramo, ndipo m'mawa uliwonse banja lonse linkakhala pansi n'kumachiyang'ana mpaka mtima utakhala m'malo. Dzina sankalembapo. Pepala likafwifwa ndi dzuwa la kwawo ku Bikaner, ku India, ndi utsi wa lubani, ankakalipereka kumadzi padziwe la kukachisi, n'kujambula china. Jethmal ali mwana ankachiyang'ana mwaulemu kwambiri, uku akuganiza za kadzutsa.

Tsopano bambowo anali atamwalira, ndipo pakhoma panatsala chithunzi chawo chomaliza, chitayamba kudyeka m'makona.

Jethmal anali atapuma ntchito ya ukalaliki kunjanji, ndipo ankasamala zinthu ziwiri: ndevu zake zopotana za pamlomo ndi udindo wake wa wapampando wa kagulu ka okonda chikhalidwe, ka anthu okwana benchi imodzi. Atapita ku Delhi ku ukwati wa mwana wa mnzake, kutentha kunamuthamangitsira m'nyumba ina yoonetseramo zithunzi, poti munali kamphepo. M'menemo anapeza zojambula za ku Ulaya, mabwalo ndi mizere basi, ndi munthu wina wa tayi akufotokoza kuti ojambulawo ankafunafuna mzimu. Jethmal anabwerera kwawo khosi litatalika.

"Jiji, mukudziwa kuti Bambo anali katswiri?" anauza Kesar, mlongo wake wamkulu amene mwaulemu ankamuitana kuti Jiji, wamasiye amene ankasunga nyumbayo. "Azungu ayamba dzana lomweli zimenezi, koma kumeneko anthu amanong'ona pamaso pa mabwalo, manja kumbuyo."

"Uwauze abwere adzanong'onere kuno, atithandizeko ndi kusesa," anatero Kesar, akukanda ufa wa chapati. "Chithunzi chija chatopa, Jethu. Mwezi ukakhwima tikachipereke kumadzi."

"Kumadzi? Chuma cha dziko lonse la India mukadyetse nsomba?"

"Nsombazo zadya zambiri, sizinadandaulepo."

"N'chomaliza, Jiji. Chikapita chimenechi, tiziwaonera pati Bambo?"

Apa Kesar anangomenya ufa uja mwamphamvu kuposa mmene unalakwira.

Jethmal anatengera chithunzicho kwa mmisiri wa kumsika, amene anachiika m'felemu yagolide, galasi pamwamba, pansi kachitsulo kolembedwa dzina la bambo ake, ndi lake lomwe m'zilembo zocheperako pang'ono. Anaitana a kagulu kake, nalankhula mpaka tiyi anazizira. Onse anagwirizana kuti dzira lija linali lozama.

M'mawa mwake anasamba, nayatsa lubani, nakhala pansi monga mwa masiku onse. Kale, akayang'anitsitsa mdima umenewo, khoma linkazimiririka pang'onopang'ono, kenako ankamva kakhosomo ka bambo ake kumbuyo kwake, ndi fungo la mwaye la m'zala zawo pamene ankamuwongola msana. Koma tsikuli m'kati mwa dzira munali mkulu wina wamasaya akugwa, akumuyang'ana mwaukali. Galasi likakhala pa chinthu chakuda limasanduka kalilole, ndipo mmisiri uja analipukuta ndi mtima wonse.

Jethmal anaona kuti ndevu za kumanzere zatsika. Anazikonza. Anayambiranso kupemphera. Anaona kuti tsopano zatsika ndi za kumanja.

Anayesa kukhala chakumbali. M'dziramo munalowa zenera ndi mbuzi ya aneba. Anayesa kutseka zenera. Nkhope inabwerera, itangoda. Masiku anapita ndithu akupita kukacheza ndi bambo ake n'kumapezako iye yemwe.

"Lero mwagwirizana zotani ndi mulungu wakoyo?" anafunsa Kesar tsiku lina, ataima pakhomo. "Ndikuona mukugwedezerana mitu."

"Jiji, inu mukayang'ana mumaona chiyani?"

"Nkhalamba yopanda mano. Ndinasiya kulowamo."

Jethmal anadzuka, natsitsa chithunzicho pakhoma. Kenako anapempha mpeni wa kukhitchini, nayamba kuzula timisomali ta kumbuyo kwa felemu. Pepala linatuluka lopepuka ngati khoko la anyezi, ngodya imodzi n'kutsalira pagalasi.

Mwezi utakhwima anapita awiriwo kudziwe dzuwa likutuluka. Jethmal anali atakonza mawu oti alankhule, koma atagwada pamasitepe anangoliika pepalalo pamadzi. Linayandama pang'ono, utoto unayamba kusungunuka ngati utsi, ndipo m'kudako, kwa kanthawi, anamva dzanja pamsana pake. Anawongoka.

Madzulo anapala mwaye wa nyale, nasakaniza ndi utomoni, najambula chithunzi china lilime lili panja. Atakhoma pakhoma, anaitana mlongo wake.

Kesar anachiyang'ana, mutu utapendekeka.

"Biringanya," anatero.

"Ndi dzanja loyamba, Jiji."

"Biringanya lofota. Sendera uko, wandikhalira pamalo."

Anakhala pansi pambali pake, napinda miyendo movutikira, ndipo awiriwo anayamba kuliyang'ana.