Theka la Piritsi

Anthu a mu msewu umenewo ankawatchula kuti Aphungu, ngakhale kuti mpando wokha umene anali nawo unali wometerapo anthu, uja wopendekera kumanzere. Ntchito yawo inali yometa tsitsi, koma pakamwa ndi pamene pankagwira ntchito kwambiri. Pulogalamu ya zokambirana ikangoyamba pa wailesi m'mawa, ankaimitsa makina pakati pa mutu wa munthu n'kuyamba kuyankha a mu wailesiwo ngati akuwamva. Anthu ankachedwa ku ntchito, ankadandaula, koma ankabwerabe.

Chaka chimenecho nkhani inali imodzi basi. Boma linasiya kupereka ulere mankhwala a matenda okhalitsa. Linati thumba labooka, ndipo zochepa zimene zilipo zimalizire msewu wodutsa pamwamba pa mzinda. Aphungu anali mbali ya boma ndi mtima wonse.

"Zaulere zimapusitsa anthu," ankatero, uku akupukuta lezala. "Munthu amalandira mankhwala, kumwa masiku awiri, otsalawo kuponya kunsi kwa bedi. Agule yekha, muone mmene awasamalire."

Aphunzitsi, mkulu wopuma pa ntchito amene sankaphonya tsiku ngakhale kumutu kunali dazi lokhalokha, ankangopukusa mutu. "Nanga msewuwo mudzayendapo ndi chiyani, Aphungu, poti ndi njinga yomwe mulibe?"

Chimene ambiri sankadziwa n'choti matendawo anali m'nyumba mwawo momwe. Aphungu ndi akazi awo, onse awiri, ankadwala kuthamanga kwa magazi, ndipo adokotala anawalembera mankhwala ofanana, piritsi limodzi aliyense pa tsiku. Mabotolo awiri pa mwezi sakanatheka, lendi nayo ili pakhosi. Choncho ankagula limodzi.

Nzeru inabwera ndi Aphungu. Anaona kuti piritsi lililonse lili ndi kamzere pakati.

"Amayi, taonani," anawauza akazi awo. "Kamzere aka anakaikira chiyani ngati safuna kuti tidule? Theka inu, theka ine."

Botolo likabwera, ankatenga lezala latsopano Lamlungu masana, n'kukhala patebulo, n'kudula mapiritsi onse bwinobwino osasiya ndi ufa womwe, kenako n'kubwezera zidutswazo m'botolo. Dzanja la wometa linalidi dzanja. Akazi awo ankaimirira pambali n'kumawaonerera. Anali mayi wosachuluka mawu, wositira anthu zovala m'kachipinda ka kuseri, pamene mawaya a magetsi ankalendewera pamwamba pa milu ya malaya a eni ake.

M'mawa uliwonse ankawabweretsera amuna awo chidutswa ndi madzi m'kapu.

"Nanga chanu?"

"Ndimwa ndikamaliza kusita. Pamimba popanda kanthu amandizunguza mutu. Imwani inu, abambo. Ndinu mumagwira lezala pakhosi pa anthu. Dzanjalo likadzanjenjemera tidzalowera kuti?"

Ankaseka onse awiri, Aphungu n'kunyamuka.

Botolo la mwezi umodzi linayamba kufika miyezi iwiri. Munthu amene ankatha kukuuzani pamtima mmene boma lingagawire chuma cha dziko lonse sanaime n'kudzifunsa kuti zikutheka bwanji. M'malo mwake anaitenga nkhaniyo n'kupita nayo kometera ngati umboni.

"Kwathu botolo limodzi, anthu awiri, miyezi iwiri! Ndiye wina aziti mankhwala adula? Kusamala basi."

Aphunzitsi anangoseka. Mwina anaganiza kuti ndi kukokomeza kwa masiku onse.

Tsiku lina dzuwa lili pamutu, mayi woyandikana nawo nyumba anafika kometera akuthamanga, opanda nsapato. Anati anamva fungo la nsalu yopserera, ndipo atagogoda palibe anayankha. Aphungu anasiya munthu ali ndi thovu kumaso. Anawapeza akazi awo ali pansi pafupi ndi tebulo lositira, pakamwa patapotokera mbali imodzi, maso ali otsegula. Simbi inali itaboola malaya oyera a munthu wina mpaka kufika pabulangete.

Galimoto imene anaipeza yothamangira kuchipatala inakaima pamalo pamene ankamanga msewu uja. Kutsogolo magalimoto, kumbuyo magalimoto, pamwamba zipilala za simenti zosanyamula kanthu. Aphungu anagoneka mutu wa akazi awo pamiyendo, akuwapukuta malovu ndi kansalu kawo kometera, akungobwereza kuti, "Tafika, amayi, tafika," asanafike n'komwe.

Kuchipatala namwino wina wotopa anawatengera pakhonde n'kuwafunsa ngati wodwalayo ankamwa mankhwala. Aphungu anatulutsa botolo m'thumba. Ngakhale pamenepo, kamtima konyada kanali kasanafe. Anafotokoza za kamzere, za lezala, za miyezi iwiri ija.

Namwino anapendeketsa botololo, n'kuyang'ana zidutswazo.

"Bambo, theka silikwanira munthu, icho n'chimodzi. Koma ngati nonse mukanamamwa theka tsiku lililonse, botolo likanamatha pa mwezi. Likafika miyezi iwiri, ndiye kuti amamwa ndi munthu mmodzi."

"Ayi, iwo amamwa akamaliza kusita."

"Munawaonapo akumwa?"

Aphungu anafunafuna m'mutu mwawo m'mawa umodzi wokha, umodzi basi, umene anaona chidutswa chikulowa pakamwa pa akazi awo. Sanaupeze. Anangopeza kapu ya madzi, ndi mawu aja onena za dzanja lonjenjemera. Anakhala pansi pakhonde pomwepo, anthu n'kumawalambalala.

Akazi awo sanayankhulenso. Anamwalira sabata isanathe, Aphungu atawagwira dzanja, akufunsa funso limene mwini wake sakanathanso kuyankha.

Atatsegulanso kometera maliro atatha, wailesi inali pomwe paja. Mkulu wina wa ku boma ankafotokoza mokondwa kuti anthu obwera kudzatenga mankhwala achepa, kusonyeza kuti kale ambiri ankangowawononga. Onse amene anali pabenchi anacheukira kwa Aphungu mwa chizolowezi, kudikira kuti makina aime. Makina sanaime. Aphungu anapitiriza kumeta, maso ali pamutu wa munthuyo, misozi ikugwera patsitsi lomwe linali pansi. Aphunzitsi anadzuka pang'onopang'ono n'kukazimitsa wailesiyo.

Namwino uja anali atawauza mwamphamvu kuti kuyambira tsopano azimwa piritsi lathunthu, osadulanso. Zinali zotheka tsopano, poti botolo limodzi linkakwanira munthu mmodzi. Koma m'botolo lomwe linali kunyumba munalibe piritsi lathunthu ndi limodzi lomwe. Onse anali atawadula kale ndi dzanja lawo, mosamala, pa kamzere penipeni.

Choncho m'mawa uliwonse ankadzitungira okha madzi, n'kukhuthulira zidutswa ziwiri m'dzanja, chawo ndi cha akazi awo. Choyambacho chinkapita bwinobwino. Chachiwiricho ndi chimene chinkakana kudutsa pakhosi.